Nyanga za Tonde ndi Mkaka wa Mkota

M'khola la mayi wina wamasiye, dzina lake Nachanza, munali mbuzi ziwiri zapachibale, Tonde ndi mlongo wake Mkota. Tonde anali waukali, wokhulupirira kuti palibe nkhani imene nyanga zingalephere kuithetsa. Mkota anali wolingalira, sankayankha chinthu asanachibzikule kaye monga ankachitira ndi udzu. Awiriwa anakangana za kaphunzitsidwe ka galu wotchedwa Mawanga, ndipo pamkanganowo panali moyo wa galuyo.

Mawanga analowa m'kholamo chonchi. Mkota anabereka kamwana m'nyengo yozizira, koma kanafa kasanaime n'komwe, ndipo mawere ake anatupa ndi mkaka mpaka ankalephera kugona. Nachanza anali atatopa ndi ankhandwe. Anamva kwa anzake kuti galu woyamwa mbuzi amakula akudziyesa mbuzi, ndipo salola chilombo kuyandikira abale ake. Choncho anakapempha kagalu kongotsegula maso kumene, anagwira Mkota mwendo, n'kuika kagaluko pabere.

Poyamba Mkota anaponya miyendo. Kenako anangopotoza khosi n'kukanunkhiza. Pasanapite nthawi, ankalira yekha kagaluko kakachedwa kubwera kudzayamwa, ndipo ankakanyambita kumutu ngati kobereka yekha. Mawanga anakula akumutcha Mkota amayi, Tonde n'kumamutcha amalume.

Vuto la Mawanga linali limodzi: chilichonse chothamanga ankachithamangitsa. Tsamba louluka ndi mphepo, buluzi, mthunzi wa khwangwala, zonsezo kwa iye anali masewera. Tsiku lina Thadzi, nkhuku ya pakhomopo yomwe sinkasowa chodandaula, ankadutsa pabwalo ndi anapiye ake. Kamwanapiye kena kanatsalira m'mbuyo n'kuyamba kuthamangira amake, ndipo miyendo ya Mawanga inanyamuka yokha. Anakagwira kukamwa, koma atakatula pansi kuti kathamangenso, sikanadzuke.

Nachanza anafika kuchokera kudimba, khasu lili paphewa. Anatola kamwanapiyeko, anakatembenuza m'manja, kenako anayang'ana galuyo amene ankagwedeza mchira osadziwa kanthu.

"Galu wolawa nkhuku sasiya," anatero Nachanza. "Uyu akhale woyamba ndi wotsiriza. Ukadzangophanso wina, mpini womwewu udzakuthera. Ndilibe nthawi yolera chilombo pakhomo panga."

Nyama zonse za pakhomopo zinamva mawuwo. Zinkamudziwa Nachanza kuti sanena chinthu kawiri.

Madzulo ake, mbuzi zitatsekeredwa, Tonde anaima patsogolo pa mlongo wake.

"Wamva, chemwali? Mwana wakoyu afa imfa ya galu."

"Ndamva, achimwene."

"Mwini mbumba muno ndine. Mwana wa mlongo akalakwa, womuwongola ndi malume ake. Undisiyire."

"Mumuwongola ndi chiyani?"

"Ndi izi," anatero Tonde akupukusa nyanga. "Mtengo amauwongola ukadali waung'ono."

Mkota anabzikula kanthawi. Mantha anali nawo, koma nzeru ina analibe. Choncho anavomera.

M'mawa mwake Tonde anaima pakati pa bwalo n'kuitana. Mawanga anabwera akudumphadumpha, poganiza kuti amalume ake afuna kusewera.

"Dzulo unachita chiyani?" anafunsa Tonde.

"Dzulo? Ndinakumba dzenje kuseri kwa bafa, amalume. Mukufuna ndikakuonetseni?"

Tonde anamugunda m'nthiti. Mawanga anagubuduka pafumbi, anadzuka akulira, n'kuthamangira kwa Mkota. Mtima wa Mkota unasweka, ndipo anatambalitsa miyendo kuti mwanayo ayamwe mpaka atonthole.

Zinkatero tsiku ndi tsiku. Thadzi akabwera kudzadandaula, Tonde ankaitana, Mawanga ankagundidwa, Mkota n'kumuyamwitsa. Posakhalitsa anapiye ankatha kudutsa pamaso pa Tonde, Mawanga ali gone, mutu pamiyendo, osagwedeza ngakhale khutu. Tonde ankayenda pabwalo ndevu zili patsogolo.

"Taona, chemwali," ankatero. "Ntchito ya nyanga imeneyo."

Mkota anafuna kukhulupirira. Koma tsiku lina akudya makoko a nandolo pamthunzi, Thadzi anafika nthenga zili nyankhalala.

"Anzanga, mukudya mtima uli m'malo?"

"Kwagwanji, a Thadzi?"

"Pamaso pa achimwene anu mwana wanuyo ndi mkulu wa mpingo. Kuseri kwa nkhokwe ndi fisi. Lero wanga wina wapulumukira m'nkhuni, nthenga za kumchira zatsala m'kamwa mwa galu wanu. Ndipo womulimbikitsa ndinu."

"Ine?"

"Inu nomwe. Athamangitse ana anga, amalume ake amugunde, inu mumupatse bere. Ine ndikanakhala galu, bwenzi ndikuthamangitsa anapiye m'mawa, masana ndi madzulo."

Mawuwo anamulasa Mkota, chifukwa anali oona. Anasiya makoko aja n'kuitana Mawanga. Galuyo anabwera mozemba, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali amalume ake.

"Tandiuza, mwanawe. Amalume ako akuphunzitsa chiyani?"

"Zambiri, amayi. Kuti anapiye sathamangitsidwa pamene pali amalume. Kuti akakuitana usamafulumire kupita. Ndiponso kuti ukalira kwambiri, amayi amakupatsa bere."

"Nanga mwanapiye anafa uja?"

"Uja anangokana kusewera."

Mkota anaona kuti mwanayo sankanama, ndiponso sanali wopusa. Anaphunziradi, ndipo anaphunzira msanga, koma palibe chimodzi mwa zimene anaphunzirazo chikanamupulumutsa ku mpini wa Nachanza.

Masiku otsatira Mkota ankangomuyang'ana Mawanga, akubzikula. Anazindikira kuti musi ukangogunda mumtondo, galuyo ankasiya chilichonse, ngakhale buluzi amene wamupanikiza pakhoma, n'kukakhala pansi pafupi ndi Nachanza. Mayiyo akamapumula pakati pa kusinja ankadya mbatata yophika, makoko n'kumaponyera galuyo. Koma ankamuponyera akakhala pansi basi. Akamudumphira pachitenje sankamupatsa kanthu.

"Palibe anamugunda kuti adziwe zimenezi," Mkota anaganiza. "Galu sadziwa dzulo. Chokoma kapena chowawa chikamupeza, amachimangirira ku chimene akuchita nthawi yomweyo. Achimwene amamugunda akabwera, ndiye waphunzira kusabwera. Ine ndimamuyamwitsa akalira, ndiye waphunzira kulira."

Anapita kwa Thadzi n'kumufotokozera zimene ankafuna: kuti tsiku lililonse azidutsa ndi anapiye pamene iye ndi Mawanga ali.

"Kodi ana anga ndi nyambo?" anafunsa Thadzi.

"Mukabisala kuseri kwa nkhokwe amakupezani muli nokha. Mukadutsa pano, ine ndili pakati."

"Akagwira wina?"

"Inu mwataya mwana, ine ndataya mwana. Tonse tili pamoto umodzi."

Thadzi anadandaula za ankhandwe, za akabawi, za tambala wosathandiza, za gaga wochepa. Atatha zonsezo anavomera, koma anati ayambira kutali, kumapeto kwa bwalo.

Masiku oyamba zinakanika, palibe chobisa. Anapiye akangoonekera, Mawanga ankaimika makutu n'kunyamuka, Mkota n'kumutchinga ndi thupi lake lonse. Sankamugunda, koma bere sankamupatsanso. Mawanga ankalira monga anazolowera, akudzigubuduza pamapazi pa amake, ndipo Mkota ankayang'ana kumbali mawere akumuwawa. Thadzi ankatukwana ali pamwamba pa mulu wa nkhuni.

Kenako tsiku lina, anapiye ali kutali, Mawanga anaimika makutu koma anachedwa kunyamuka. Pomwepo Mkota analira motsitsa, kulira kwa pakhosi kumene mbuzi imaitanira mwana wake. Galuyo anacheuka. Asanaganize n'komwe zobwerera kwa anapiye, bere linali kale pakamwa pake.

Anabwereza mawa lake, ndi mkuja wake, ndi masiku ambiri otsatira. Tsiku lina zinkayenda, tsiku lina ankabwerera m'mbuyo ngati sanayambepo. Mkota anasiyiratu kumuyamwitsa polira, ndipo mkaka wonse ankausungira nthawi imene wamuitana iye n'kubwera. Pang'ono ndi pang'ono Thadzi ankadutsa pafupi, mpaka anapiye ankatola nkhupakupa zogwa pamiyendo ya Mkota, Mawanga akuyamwa.

Tonde ankaonerera zonsezi akufwenthera.

"Kumeneko ndiye kuphunzitsa? Ndi ziphuphu zimenezo, chemwali. Mwana amvere chifukwa wauzidwa, osati chifukwa cha mimba."

"Nanga womvera chifukwa cha nthiti ndiye wamvera chifukwa wauzidwa?"

"Ine ndinakula ndi ndodo. Malemu amuna awo a Nachanza anandithyolera ndodo zingati pamsana pano? Taona mmene ndinawongokera."

"Munawongokadi, achimwene. Nanga kholowa wa m'dimba uja amadya ndani mayi akapita kumjigo?"

Thadzi, amene ankapalasa chapafupi, anaseka mpaka kutsamwa. Tonde anapalasa pansi ndi chiboda, koma sanachoke. Anayandikira mlongo wake n'kutsitsa mawu.

"Seka lero. Koma ndikufunse chinthu chimodzi. Nyanga zanga sizidzatha. Mkaka wakowo ukadzaphwa, udzamuitana ndi chiyani?"

Mkota anabzikula funsolo tsiku lonse, ndipo yankho sanalipeze. Anapempha mchimwene wakeyo kuti asiye kumugunda mwanayo, koma Tonde anati udindo wa malume sulandidwa ndi mkazi. Popeza Mawanga anali atasiya kubwera akamuitana, Tonde anayamba kumudikirira pakhomo la khola madzulo, pamene panalibe pothawira. Choncho galuyo ankakula ndi aphunzitsi awiri, wina masana, wina polowa m'khola.

Mvula inagwa, chimanga chinamera. Nyengo imeneyo mbuzi sizisiyidwa kuyenda zokha, kuopa kuti zingathe mmera wa anthu. M'mawa uliwonse Nachanza ankakoka mbuzi zake kupita nazo m'mphepete mwa munda wa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chulu. Ankakhoma zikhomo ziwiri motalikirana, n'kumangirira mbuzi iliyonse pachikhomo chake ndi chingwe cha m'khosi.

Mbuzi yomangidwa imadya mozungulira, ndipo udzu umameteka kulekeza pomwe chingwe chalekeza. Mawanga sanachedwe kuona zimenezo. Ankapita kukakhala pamene udzu wautali wayambira, kunja pang'ono kwa bwalo la Tonde, n'kumadzikanda khutu mosatekeseka.

"Bwera kuno," ankatero Tonde.

"Ndikumva ndili pompano, amalume."

"Ndati bwera kuno."

"Nenani, makutu anga ndi aatali."

Mkota sanaseke. Iyenso anali pachingwe, ndipo sakanathanso kumutchinga mwanayo ndi thupi. Chomwe chinamutsalira anali mawu ake basi. Komanso mawere ake ankapepuka tsiku ndi tsiku, mpaka m'mawa wina anamuitana, Mawanga anabwera, anayamwa, anakoka, n'kusiya.

"Amayi, lero mulibe."

"Watha, mwanawe."

"Ubwera liti?"

"Subweranso. Wakula tsopano."

Mawanga anakhala pansi n'kupendeketsa mutu. "Ndiye mukandiitana ndizibwerera chiyani?"

"Sindikudziwa," anatero Mkota, chifukwa sankafuna kumunamiza. Anamunyambita kuseri kwa makutu, pamene galu sadzifikira yekha, ndipo anamulola kugona pamthunzi wa mimba yake. Kuyambira tsikulo ankamuitana kawirikawiri, ngakhale popanda anapiye, ndipo akabwera ankamunyambita kapena kumukankha ndi mphuno kuti asewere. Mawanga ankabwera, nthawi zina msanga, nthawi zina atayamba wamaliza zake. Mumtima mwa Mkota munalibe mtendere, pakuti lilime si mkaka.

Nthawi imeneyo Thadzi anali ataswa anapiye ena, ang'onoang'ono, osadziwa galu n'chiyani. Tsiku lina mvula inagwa masana n'kukata dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Nachanza anatuluka ndi khasu kukapalira mizere ya kufupi ndi chulu. Posakhalitsa ngumbi zinayamba kutuluka m'chulumo, zambirimbiri, zikuuluka mwaulesi n'kumagwera paudzu.

Anapiye anapenga. Anabalalika mbali zonse, aliyense akuthamangitsa ngumbi yake, ndipo Thadzi ankaitana uyu, uyo n'kuthawa. Mkota anayang'ana Mawanga n'kuona makutu ataima, thupi litatsika, mchira utauma. Chibadwire galuyo anali asanaonepo tinthu tambiri chotero tikuthamanga nthawi imodzi.

Tonde ndiye anayamba kukuwa. "Iwe galu, ndikuphwanya nthiti lero!" Mawanga anadzidzimuka, ndipo pothawa mawuwo analowa pakati penipeni pa anapiye. Tonde anaweramitsa mutu n'kuthamanga ndi mphamvu zake zonse, ataiwala za chingwe. Chingwe chinamukumbutsa: chinamukoka khosi, miyendo inapita m'mwamba, n'kugwa chagada m'matope.

Pamene Mkota ankachotsa maso pa mchimwene wake, Mawanga anali atagwira kale kamwanapiye. Timiyendo take tinkaoneka kukamwa kwa galuyo. Thadzi ankalira akuzungulirazungulira, ndipo Nachanza anali ataweramuka, atagwira khasu ndi manja awiri, akudumpha mizere.

Mkota anafuna kukuwa ngati Tonde. Koma anadziletsa. Kenako analira motsitsa, monga ankachitira masiku onse, ngati palibe chimene chachitika.

Mawanga anaima. Anayang'ana kuthengo, kumene akanatha kuthawira ndi chogwira chakecho. Anayang'ana amake. Ndiye anatembenuka n'kuyamba kubwera, kamwanapiye kali kukamwa, mpaka analowa m'bwalo la Mkota n'kuima pamaso pake.

Apa ndiye panali povuta. Mkota nayenso anali ndi nyanga, zazifupi koma zakuthwa, ndipo mwanayo anali ataima pomwe zikanamufika bwino. Anakumbukira masiku onse amene anapirira mawere akumuwawa, n'kuona kuti galu yemweyo wagwiranso mwanapiye pamaso pa Nachanza. Mutu wake unatsika wokha.

Mawanga ataona mutu wa mbuzi ukutsika, anatsinzina n'kupinda mchira. Nsagwada zake zinayamba kulimba. Koma sanathawe.

"Chimene akuchita panopa n'chiyani?" Mkota anadzifunsa. "Wabwera. Ndamuitana, wabwera."

Anatulutsa lilime n'kumunyambita pachipumi, kenako kuseri kwa khutu. Mawanga anatsegula diso limodzi. Mchira unamasuka, nsagwada zinalefuka, ndipo pofuna kuwanyambitanso amake anatsegula pakamwa. Kamwanapiye kanagwera paudzu katanyowa ndi malovu, kanagona kanthawi, kenako kanadzuka n'kuthamangira kwa Thadzi kakupepesuka.

Nachanza anafika akupuma mwamphamvu, khasu lili m'mwamba. Mkota anaima pakati pa mayiyo ndi galu, ngakhale ankadziwa kuti mbuzi singaletse munthu. Nachanza anatsitsa khasu pang'ono, anatsatira kamwanapiye kaja n'kukatola. Anakatambasula timapiko, anakagwira timiyendo, anakafufuza pamimba, ndipo sanapeze bala.

Anayang'ana mbuzi ndi galu. Anali ataona yekha galuyo akutembenuka mbuzi italira.

"Ndinati ukadzapha," anatero pomaliza. "Sunaphe. Koma usandiyese, wamva? Galu womva kuitana sapezekapezeka, n'chifukwa chake ndakusiya." Anaika kamwanapiye pansi n'kubwerera kumzere wake, chifukwa udzu sunkamudikira.

Thadzi anasonkhanitsa ana ake pansi pa mapiko. "Anzanga," anauza Mkota, "mwana wanuyo azitsuka m'kamwa. Wangayu anunkha galu mpaka adzaikire mazira." Kumeneko ndiko kunali kuthokoza kwa Thadzi, ndipo Mkota anakulandira.

Tonde anadzuka m'matope khosi likumuwawa. Anauza aliyense wofuna kumva kuti galuyo anamasula mwanapiye chifukwa choopa mawu a malume ake. Palibe anamutsutsa, pakuti Mkota anali wotanganidwa. Mawa lake Mkota anayambiranso maphunziro, anapiye ali kutali ngati poyamba paja, popeza anaona kuti ntchito inali isanathe.

Dzinja linapita, anthu anakolola, mbuzi zinamasulidwa. Mawanga anali atakula, chifuwa chitatambasuka, ndipo ankatsogolera mbuzi kuziputu za chimanga m'mawa n'kubwera nazo madzulo. Ankhandwe anasiya kuzungulira khola la Nachanza. Anapiye akathamanga, makutu ake ankaimabe, koma ankayamba wacheukira kwa amake.

Tsiku lina ali kubusa, Tonde anayandikira mlongo wake, anapalasa pansi, anatsokomola, kenako anafunsa mosayang'ana kumaso.

"Kodi umamuitana bwanji, chemwali? Tandiphunzitsa kaliridwe kakoko."

"Si kaliridwe, achimwene. Ndi chimene amapeza akafika."

"Ine ndilibe mkaka."

"Inenso ndilibe."

Tonde anapita kukagona pansi pa mtengo wa mthethe, anatembenuzira nyanga zake kumbali, n'kuitana ndi mawu ofatsa amene sanawagwiritsepo ntchito chibadwire. Mawanga anamva, ndipo anabwera akugwedeza mchira mwaulemu. Atafika pamtunda wofanana ndi utali wa chingwe, anaima n'kukhala pansi, ngakhale chingwecho chinali chitapachikidwa kalekale kudenga la khola.

"Sendera, mwanawe," anatero Tonde. "Sindikuchita kanthu."

"Ndikumva ndili pompano, amalume."

Tonde anaitana chilimwe chonse. Galuyo ankamuteteza kwa ankhandwe monga ankatetezera Mkota, koma pafupi naye sanafikepo.

Phunziro: Chilango chimaphunzitsa kuopa wolangayo, ndipo mphamvu yake imathera pomwe iye sangafike. Wofuna kuphunzitsa galu, ngakhalenso mwana, ayamikire chabwino nthawi yomwe chachitika, apirire pobwereza, ndipo asalange amene wabwera ataitanidwa. Mantha amalowa tsiku limodzi, koma potuluka amatenga zaka.